Belo la kaunjika ndi ndime 7: lipoti la nkhani ya mtsikana woletsedwa kupanga live pa masamba ena

Nkhaniyi inafika pa tebulo langa m'nyengo yozizira ya 2024, masiku aja Mzuzu imacha ndi nkhungu, kamvula kakuwaza ngati ufa. Ndine loya, ndipo ntchito yanga ya masiku onse ndi milandu ya malo, ya ngongole ndi ya anthu ochotsedwa ntchito. Aka kanali koyamba kulandira munthu amene msika wake wonse uli pa foni. Mwini nkhani anandilola kuilemba, koma dzina lake ndi la kampani imene anasemphana nayo ndazisunga.

Anabwera ndi azakhali ake. Asanakhale n'komwe pansi, azakhaliwo anatulutsa kalata yopindidwa panayi m'chikwama, n'kufunsa kuti, "A loya, mutiuze zoona, mwanayu amumanga?" Ndinawayankha kuti kusemphana pa mgwirizano wa malonda si mlandu wa apolisi, palibe amene akagone m'chitokosi. Apo m'pamene anakhala pansi. Masiku anayi onse chilandirireni kalatayo, pakhomo pawo panalibe amene ankagona tulo.

Mwini nkhani ndi malonda ake

Ndi mtsikana wa zaka 23, kwawo ku Ntcheu, koma anakulira kuno chifukwa bambo ake anabwera pa ntchito. Amakhala ku Chibavi. Anayamba ndi kuyala kaunjika pansi ngati wina aliyense, kenako anaona kuti akatsegula belo pa Facebook anthu akuonerera, katundu amatha usiku womwewo. Ndinamupempha kuti andionetse kanema wina wakale, ndipo ndinauonera wonse. Chipinda chaching'ono, chingwe chomangidwa kuchoka pa zenera kufika pa msomali, foni yotsamiritsidwa pa ndowa. Amayamba ndi moni wa Chichewa, n'kuponyamo "monire mose" chifukwa akudziwa amene akumuonera. Akweza diresi, aitembenuza, aonetsa msoko ndi pamene pali kabanga, atchula nambala ndi mtengo. Woyamba kulemba "yanga" ndiye watenga. Ndalama imalowa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, m'mawa mwake iye ali kudepoti ndi timaphukusi topita ku Karonga, ku Rumphi, ku Kasungu mpaka ku Lilongwe.

Makasitomala ake odalirika anali amayi apantchito, aphunzitsi ndi anamwino, komanso Amalawi a ku Johannesburg ndi Cape Town amene amagulira makolo awo zovala kumudzi ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay. Anthu amenewa ali pa Facebook. Mfundo imeneyi ndi imene nkhani yonse yatsamirapo.

Pa TikTok ankangoikapo timakanema tosekesa ta pa msika. Kumeneko n'kumene anamuonera anyamata a kakampani kena ka mumzinda wina, kamene kamasonkhanitsa achinyamata opanga live n'kumagawana nawo ndalama za mphatso zimene oonera amatumiza. Anamuimbira, anamuyamikira kuti ali ndi pakamwa pokoma, ndipo anamulonjeza foni yatsopano, nyali ija amati ring light, power bank yoti magetsi akazima asadukize, ndi bandulo ya mwezi ndi mwezi. Kwa munthu amene foni yake inkatentha n'kuzima live ili pakati, zimenezi sizinali zazing'ono. Mgwirizano unabwera pa WhatsApp, masamba asanu ndi limodzi a Chingerezi. Anasaina pa kapepala, n'kujambula, n'kutumiza. Panali patangotsala milungu yochepa kuti kwacha igwe ndi 44 peresenti mu November 2023.

Zimene zinali pa pepala

Ndime 7 inkati kwa zaka ziwiri sadzapanga live pa tsamba lina lililonse kupatula akaunti ya TikTok imene kampaniyo yamutsegulira, ndipo ngakhale kanema wojambula kale wosonyeza katundu sadzaika kwina. Zaka ziwirizo zikatha, mgwirizano udzapitirira wokha ngati sanalembe kalata yokana kutatsala miyezi itatu. Ukatha ndithu, adzakhalabe miyezi isanu ndi umodzi osaoneka pa live paliponse. Akaphwanya, chindapusa K5 miliyoni. Ndime zina zinkamulamula kukhala pa live usiku usanu pa sabata, maola atatu usiku uliwonse, ndipo gawo lake linali 40 pa 100 pa ndalama za mphatso, kampani itachotsapo kaye zimene inkazitcha zowonongera.

Ndinawerenga kachiwiri kufunafuna mbali imene kampaniyo inadzimangapo yokha. Inalonjeza foni, nyali ndi bandulo, basi. Sinalonjeze ndalama yochepetsetsa pa mwezi. Sinalonjeze kumulengezetsa kwa anthu kapena kumupezera makampani ofuna kutsatsa malonda. Sinalonjeze kumuonetsa mmene ndalama zalowera. Ndipo iyo inali ndi ufulu wothetsa mgwirizano ndi chenjezo la masiku 14, pamene iye analibe khomo lotulukira. Chiletsocho chinali cha pa pepala la kampaniyi, ndipo mkangano wonse unali pakati pa mtsikanayu ndi iwo, osati ndi eni masamba a mchezo.

Miyezi yoyamba omutsatira anachulukadi. Koma khamu la pa TikTok linali la achinyamata obwera kudzaseka, kutumiza duwa limodzi ndi kupempha kuti avine. Ogula madiresi anatsalira ku Facebook, ndipo atadikira Lachisanu zingapo osamuona, anapeza ogulitsa ena. Uku mtengo wa belo unakwera kwacha itagwa, uku zovala zikuunjikana m'chipinda. Ndalama imene kampani inkatumiza pa mapeto a mwezi, malinga ndi mauthenga a pa foni yake amene ndinawaona, sinkafika ngakhale pa phindu la belo limodzi. Mpamba wa malonda ake unayamba kudyeka. Lachisanu lina anabwereka foni ya azakhali ake, n'kutsegula belo pa Facebook ngati kale. Lolemba lake anapeza kuti sangalowenso mu akaunti ya TikTok, ndipo madzulo ake kalata ya K5 miliyoni inafika.

Mmene ndinaionera mwa malamulo

Choyamba chimene ndinamuuza sichinamusangalatse: mgwirizanowo sitingaukane chifukwa choti unadzera pa WhatsApp kapena choti sanauwerenge. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza mapangano ochitikira pa zipangizo zamakono, ndipo munthu wamkulu akasaina, khoti limayamba ndi kuganiza kuti anadziwa chimene akuchita. Ndinaganiziranso ngati anali wantchito wawo malinga ndi Employment Act ya 2000, poti maola ankamuikira ndiwo, zipangizo zinali zawo. Njira imeneyo ikanatifikitsa ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya ntchito, imene ili nayo nthambi kuno ku Mzuzu. Ndinaisunga pambali, chifukwa chimene iye ankafuna si malipiro a wantchito koma kubwerera pa msika wake.

Mkondo weniweni unali mfundo yakale ya m'malamulo a ku England amene dziko lino linatengera kuyambira 1902: pangano loletsa munthu kuchita malonda kapena ntchito yake siligwira, pokhapokha woletsayo asonyeze kuti chiletsocho n'choyenera kwa mbali zonse ziwiri komanso kwa anthu onse. Mfundoyi inakhazikika pa mlandu wa Nordenfelt mu 1894. Woletsa ayenera kuonetsa chinthu chenicheni chimene akuteteza, ndiponso kuti chiletsocho sichikupitirira muyeso pa kutalika kwa nthawi ndi pa kukula kwake. Pamwamba pa zimenezi, gawo 29 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda, wogwira ntchito ndi wodzipezera zofunika pa moyo paliponse m'Malawi.

Mlandu umene unandithandiza kwambiri ndi wa Schroeder Music Publishing ndi Macaulay, umene khoti lalikulu la ku Britain la House of Lords linagamula mu 1974. Tony Macaulay anali mnyamata wa zaka 21, wopeka nyimbo wosadziwika, pamene anasaina kuti nyimbo zake zonse kwa zaka zisanu zikhale za kampani imodzi. Ndalama zake zikapitirira mapaundi 5,000, zaka zisanu zina zinkadziwonjezera zokha. Kampaniyo sinadzikakamize kutulutsa nyimbo ngakhale imodzi, ndipo inkatha kumusiya ndi chenjezo la mwezi umodzi, pamene iye sakanatha kuchoka. Oweruza anati pangano lotere silingagwire, ndipo anayang'ana kwambiri kusiyana kwa mphamvu pakati pa kampani yolemba pepala ndi mnyamata wongouzidwa kuti saina. Zigamulo za ku England za zaka zimenezo sizimanga makhoti athu, koma oweruza athu amazilemekeza. Nditaika pepala la Macaulay pambali pa la mtsikana wa ku Chibavi, zinali ngati ana a mimba imodzi.

Za K5 miliyoni sizinanditayitse nthawi. Kuyambira pa mlandu wa Dunlop mu 1915, makhoti amasiyanitsa ndalama yoyerekeza moona mtima zimene munthu angaluze ndi ndalama yongoopsezera. Usiku umodzi wogulitsa zovala pa Facebook sukanaluzitsa kampaniyo ngakhale kachigawo ka ndalama imeneyo.

Pano ndinene maganizo anga, chifukwa anzanga ena nditawafotokozera anathamangira kunena kuti chiletso chilichonse chotere n'kuba. Ine sindikutero. Aliyense amene anakhalako ku Mzimba kapena ku Rumphi akudziwa ulimi wa fodya wa mgwirizano: kampani imapereka mbewu, feteleza ndi alangizi pa ngongole, mlimi n'kulonjeza kuti sagulitsa kwa mavenda. Pali madandaulo ambiri pa ulimi umenewo, koma chimene chimaupangitsa kuima n'chakuti kampani nayo imalonjeza kugula. Mlimi amatseka makomo ena chifukwa khomo limodzi alitsimikiziridwa. Anyamata a kampaniyi anaikadi ndalama, anamuphunzitsa kuunika nkhope ndi kusunga oonera, ndipo anali ndi chifukwa choopera kuti mawa athawira kwa ena ndi foni yawo. Chimene analibe ndi lonjezo logula. Anamutsekera makomo onse, lawo n'kulisiya loti atha kulitseka tsiku lililonse.

Ndinafufuzanso mmene zimakhalira kumene malonda a live anakula, chifukwa ndinkadziwa kuti adzandiuza kuti dziko lonse limatero. Twitch, kampani ya tsamba la ma live imene Amazon inagula mu 2014 pa madola pafupifupi 970 miliyoni, kwa zaka zambiri inkaletsadi oulutsa ake a gulu la Partner kupanga live kwina. Koma mu August 2022 inamasula chiletsocho, n'kusiya chokha choletsa kuulutsa nthawi imodzi pa masamba ofanana nayo monga YouTube. Mu October 2023, pa msonkhano wa TwitchCon ku Las Vegas, mkulu wake Dan Clancy analengeza kuti nachonso chachoka: munthu atha kuulutsa pa masamba angapo nthawi imodzi, bola asapatse oonera a Twitch zithunzi zotsika ndiponso asawakokere kwina ndi ma link. Kumene chiletso chenicheni chinatsala, chimagulidwa ndi ndalama zooneka. Microsoft inalipira Tyler Blevins, wodziwika kuti Ninja, mamiliyoni a madola kuti achoke ku Twitch n'kumaulutsa pa tsamba lake la ma live la Mixer pokha mu August 2019. Chaka chisanathe, mu July 2020, Mixer inatsekedwa. Ninja anatuluka ndi ndalama zake, koma oulutsa ang'onoang'ono amene anamanga khamu lawo lonse pamenepo anayambiranso pansi. Ndipo mu June 2023, pamene Kick, kampani ina ya ma live, inatenga Félix Lengyel wa ku Canada, wodziwika kuti xQc, pa mgwirizano wa zaka ziwiri umene manyuzipepala anati ukanafika madola 100 miliyoni, sinamuletse n'komwe kuonekera kwina. Ngati makampani aakulu chotere akumasula anthu awo kapena kulipira chiletsocho mokwanira, foni imodzi ndi bandulo sizingagule zaka ziwiri ndi theka za moyo wa munthu.

Pamene ndinaphonya

Ndinalemba kalata ya masamba atatu, milandu yonse ija ili momwemo, n'kuwonjezera kuti tili ndi njira yokadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, nthambi ya boma yoona za chilungamo pa malonda, imene lamulo latsopano la 2024 lolowa m'malo mwa la 1998 linaipatsa mphamvu zolipiritsa yokha. Ndinkaona ngati ndamaliza. Yankho lawo linali mizere iwiri: za chindapusa tikambirana, koma akaunti ndi yathu.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndinataya milungu iwiri ndikulimbana ndi pepala, pamene chingwe chenicheni chinali simu. Akauntiyo inatsegulidwa ndi nambala ya foni ndi imelo ya kampani. Nkhope inali yake, mawu ake, anthu anatsatira iye, koma kanambala kachinsinsi kotsimikizira mwini akaunti kankafika pa foni ya wina mumzinda wina. Ngakhale khoti likanagamula mawa lake kuti ndime 7 ndi yopanda mphamvu, iye akanatuluka ndi ufulu wake koma wopanda anthu amene anawasonkhanitsa usiku ndi usiku kwa miyezi isanu ndi itatu. Funso loti "akaunti inatsegulidwa pa nambala ya ndani" ndinayenera kulifunsa tsiku loyamba, azakhali aja atangokhala pansi. Lero ndi limene ndimayamba nalo.

Kalata yachiwiri inali yaifupi. Ndinapempha kuti ationetse, mwezi ndi mwezi, ndalama zonse zimene zinalowa kudzera mu akauntiyo, zimene anachotsa, ndi chifukwa chake. Ndinanena kuti tikapita kukhoti, chimenechi ndicho choyamba chimene tidzapemphe woweruza kuti alamule. Patatha masiku atatu anaimba foni okha.

Kukambirana

Amene anabwera ku ofesi kwanga anali mnyamata wa msinkhu wa mwini nkhani yemweyo, atakwera basi usiku wonse, jekete lake losakwanira kuzizira kwa Mzuzu. Sanali chilombo chimene azakhali aja ankayembekezera. Pepalalo, anavomera yekha, analikopera pa intaneti n'kusintha maina ndi ndalama. "Akuluakulu," anatero, "ifeyo tikapanda kumanga, tilera ife, odyerera n'kukhala ena. Komanso asisiwa tinkawauza, mapanga awiri avumbwitsa. Munthu akhale pamodzi kuti khamu likule."

Mtsikana uja, amene tsiku loyamba sankatha kundiyang'ana kumaso, anamuyankha yekha. "Achimwene, Facebook si phanga lachiwiri kwa ine. Ndi pakhomo. Munandipeza ndili ndi anthu anga ogula, inu munandipatsa anthu oseka. Onsewo ndimawafuna, koma ondidyetsa ndi oyambawo." Ine sindinawonjezerepo kanthu.

Mapepala a ndalama amene anabweretsa anasonyeza kuti pa zowonongera zija ankachotsanso mtengo wa foni mwezi uliwonse, foni imene iye ankaiyesa mphatso, ndipo theka lake linali litabwezedwa kale osadziwa. Zitaoneka zimenezi, kukambirana kunafewa. Tinagwirizana kuti chindapusa chachoka, miyezi isanu ndi umodzi yokhala chete ija yachoka, ndipo kudzipitirira kokha kwa mgwirizano kwachoka. Ndime 7 tinaichepetsa kufika pa chimene kampaniyo ikanatha kuteteza moona: Lachiwiri ndi Lachinayi usiku, pamene ali pa live ya TikTok, asakhalenso pa tsamba lina nthawi yomweyo. Masiku ena onse ndi ake. Zimenezi zikhale kwa miyezi itatu, kampani izitumiza chithunzi cha ndalama zolowa pa mapeto a mwezi uliwonse, iye amalize theka lotsala la foni pang'onopang'ono, ndipo tsiku lomaliza akaunti isamutsidwire pa nambala ndi imelo yake. Tinalemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndipo ndinawerenga mokweza ndime iliyonse azakhali ali pomwepo.

Wina angafunse chifukwa chake sitinapite ku High Court pompano pa Mzuzu, poti malamulo anali mbali yathu. Ndinamufotokozera njira zonse ziwiri. Mlandu ukanatenga miyezi yambiri, ndalama zake zikanaposa mpamba wake wonse, ndipo nthawi yonseyo akaunti ikanakhala yotseka, omutsatira akumwazikana. Anasankha kugwirizana, ndipo ndikukhulupirira kuti anasankha bwino. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani yotha mwa njira imeneyi sisiya chigamulo choti wina adzatsamirepo. Mnyamata uja anatchula kuti ali ndi atsikana ena anayi pa pepala lomwelo. Ndinamupempha kuti akalisinthe kwa onse, ndinamupatsa ndi ndime zathu zatsopano kuti akakopere, ndipo anati akakambirana ndi anzake.

Zotsatira

Miyezi itatu inatha popanda chovuta, kupatula mwezi umodzi pamene chithunzi cha ndalama chinachedwa mpaka nditaimba foni. Tsiku losamutsa akaunti anabwera ku ofesi ndi foni m'manja, mnyamata uja ali pa WhatsApp kuwerenga manambala mbali inayo. Netiweki inavuta, tinayesa katatu. Kachinayi uthenga wa manambala asanu ndi imodzi unalowa pa simu yake, ndipo anasintha pasiwedi ine nditatembenukira ku zenera.

Makasitomala a pa Facebook sanabwerere onse. Atandichezera patapita miyezi ingapo anandiuza kuti a ku Joni ambiri anabwerera, koma amayi apantchito a ku Lilongwe anazolowera kwa ena, ndipo belo limene kale linkatha usiku umodzi tsopano limatenga Lachisanu ziwiri. Pa TikTok amalowabe kamodzi pa sabata, osati kudikira mphatso, koma kulengeza tsiku lotsegula belo. Foni anamaliza kulipira mwezi umodzi nthawi isanakwane. Mwa atsikana anayi aja, mmodzi anandiimbira kuchokera ku Kasungu, tinayankhulana mphindi khumi, ndinamufunsa za nambala ya akaunti yake, anati akaona kaye, ndipo mpaka pano fayilo yake ili ndi pepala limodzi.